Kwa Mphwanga Wofuna Kuphunzitsa Malamulo

Mphwanga,

Amayi ako andiuza kuti ukamaliza digiri yako ya malamulo mtima wako suli kwenikweni ku khoti, koma ukufuna kubwerera m'kalasi, ulendo uno utaima kutsogolo ngati mphunzitsi. Ndakondwa nazo. Maloya m'dziko muno ndi ochepa poyerekeza ndi anthu amene akuwafuna, koma aphunzitsi a malamulo amene amafufuza ndi kulemba ndiye ochepetsetsa. Komabe ndingakhale malume wachabe ngati ndingangokuombera m'manja osakuuza chimene ambiri amachizindikira mochedwa, ena atataya kale zaka ndi ndalama. LLB imene ukuivutikira usana ndi usikuyo, ikafika pa tebulo la olemba ntchito ya uphunzitsi ku yunivesite, imapepuka kuposa mmene anthu a kwathu amaganizira.

Usandimve molakwa. Digiri imeneyi ndi yolemera, ndipo kulemera kwakeko ndi kumene kumanyenga eni ake. Ku Chanco munthu salowa malamulo mwachisawawa. Umayamba waphunzira kaye zina, kenako n'kulimbirana malo ochepa ndi anzako ambirimbiri, ukalowa n'kuthanso zaka zinayi ukuweramira zigamulo. Usanamalize n'komwe kumudzi ayamba kale kukutchula kuti loya, pa maliro akukupatsa mpando, nkhani ya malo ikavuta akutuma mwana kudzakuitana. Munthu wolemekezedwa chonchi amayamba kukhulupirira kuti pepala lakelo palibe ofesi ingalikane. Ndiye akaona m'nyuzipepala kuti yunivesite ina ikufuna mphunzitsi, amatumiza kalata mtima uli m'malo, n'kumadikira lamya imene siibwera. Zikamuwawa amati pali kukondera, amangolembana pachibale. Kukondera kulipo, sindikana, kuno ngakhale kunja. Koma kawirikawiri kalata yake imaikidwa pambali pa chifukwa chimene chinalembedwa poyera m'chilengezo momwemo, iye osachilabadira.

LLB ndi digiri yoyamba. Ngakhale ikhale yovuta kuipeza chotani, pa makwerero a maphunziro imakhala pamodzi ndi digiri yoyamba ya zaulimi kapena ya mbiri yakale. Tsono ntchito ya uphunzitsi nayo ili ndi makwerero ake: Staff Associate, Assistant Lecturer, Lecturer, Senior Lecturer, Associate Professor, mpaka Professor. Wa digiri yoyamba yokha, ngati wakhoza bwino kwambiri, angalowe pansi penipenipo, ndipo udindo umenewo tanthauzo lake n'lakuti tikukusunga kuti ukaphunzire, sitinakuyese mphunzitsi wokwanira. Kuti utchedwe Lecturer pafunika masitazi. Kupitirira apo amayamba kuwerenga zimene unasindikiza, ndipo ukamakwera funso la PhD silikusiya. Mfundo imene imatsatidwa pafupifupi kulikonse ndi yakuti mphunzitsi akhale ndi digiri yoposa imene ophunzira ake akuifuna. Bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, likamayendera sukulu za ukachenjede limafunsanso za maphunziro a aphunzitsi, choncho ngakhale mkulu wa dipatimenti atakukonda, sangadzaze kalasi ndi anthu a LLB yokha osaika sukulu yake pa mavuto.

Kale zinali zosiyanako, ndipo n'kutheka wamvapo nkhani za masiku amenewo. Malamulo ankaphunzitsidwa ku Mpemba asanasamukire ku Zomba mu 1973, ophunzira anali owerengeka, ndipo Mmalawi wa masitazi pa malamulo ankasowa. Wokhoza bwino ankachita kupemphedwa kuti atsale. Lero amene akubwerako ku Pretoria, ku Cape Town, ku London ndi kwina atanyamula LLM ndi ambiri, ndipo ena mwa iwo ali ndi PhD. Kalata yako idzakhala m'mulu umodzi ndi makalata awo.

Koma makwererowa ndi chizindikiro chabe, chifukwa chenicheni chili pansi pake, ndipo ukachimva umaleka kuona ngati akukuchitira nkhanza. Sukulu ya malamulo imakuphunzitsa kugwiritsa ntchito lamulo limene lilipo. Kasitomala akabwera ndi vuto, yankho limene akufuna limadziwika kale: atuluke pa belo, abwezeredwe munda, alipidwe chipepeso. Ntchito yako ndi kufunafuna ndime za malamulo ndi zigamulo zakale zokufikitsa pa yankho limenelo, ndi kufooketsa za mnzako wa mbali inayo. Ndi luso lalikulu, lopulumutsa anthu. Wofufuza amayambira kwina. Iye ali ndi funso limene yankho lake sakulidziwa, ndipo umboni ukamutsutsa ayenera kulemba kuti wamutsutsa. Loya amene angaime pamaso pa jaji n'kumalongosola kufooka kwa mlandu wa kasitomala wake ndiye kuti wamugulitsa. Wofufuza amene angabise kufooka kwa mfundo yake ndiye kuti wanama. Khasu ndi nkhwangwa zonse n'zachitsulo, zonse zili ndi mpini, koma wofuna anthu okadula mitengo sangakulembe chifukwa khasu lako ndi lakuthwa. Olemba ntchito ku yunivesite akatenga LLB yako amaona umboni wakuti ungathe ntchito yoyambayo. Umboni wakuti ungathe yachiwiriyo saupezamo.

Mlandu wa a Mayeso Gwanda uyenera kuti unauwerenga m'kalasi. Bamboyu, wogulitsa majumbo, anamangidwa m'bandakucha wina mu Malichi 2015 akupita ku msika wa Limbe, mlandu wake wa vakabu. Mu Januwale 2017 khoti lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, limene apolisi ankagwirira anthu ongowakayikira, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Imeneyo inali ntchito ya maloya ndi majaji, ndipo ndi yonyaditsa. Koma taganiza zimene zinayenera kudziwika kuti nkhaniyo ikhale yoposa ya munthu mmodzi. Wina anayenera kulondola lamulolo kumene linachokera, mpaka kukalipeza m'lamulo la ku England la 1824, limene atsamunda analifalitsa m'maiko amene ankalamulira. Wina anayenera kupita ku mapolisi a mu Blantyre, kutsegula mabuku olembamo omangidwa, kuwerenga kuti amamangidwa ndani, nthawi yanji, ndipo amathera kuti, n'kukhalanso pansi ndi mavenda, ana a m'misewu ndi amayi oyendayenda kumva za iwo eni. Mabungwe a SALC ndi CHREAA anachita kafukufuku wotere n'kutulutsa lipoti mu 2013, mlandu usanayambe, ndipo ndi omwewonso anaima kumbuyo kwa mlanduwo. Pofika Disembala 2020, khoti la Africa loona za ufulu wa anthu ku Arusha linapereka maganizo ake kuti malamulo a vakabu sagwirizana ndi pangano la Africa la ufulu wa anthu. Dzifunse wekha: pa zaka zinayi zako, ndani anakuphunzitsa kusankha anthu oti uwafunse kuti zotsatira zisapendekeke, kuwerengera ziwerengero za omangidwa, kapena kupempha chilolezo chofunsa mafunso anthu osatetezeka? Zimenezi amaphunzitsa pa masitazi ya kafukufuku ndi pa PhD, ndipo ndi zimene wolemba ntchito akufuna kudziwa ngati uli nazo.

Pali buku lina limene ndikufuna ulifunefune ku laibulale usanachoke ku Zomba. Analemba ndi Martin Chanock, linatuluka mu 1985, mutu wake Law, Custom and Social Order, ndipo likunena za Malawi ndi Zambia m'nthawi ya atsamunda. Mfundo yake ndi yakuti zambiri zimene timazitcha malamulo a makolo, makamaka pa ukwati ndi pa mphamvu za akulu pa akazi ndi achinyamata, zinaumbidwa ndi kuumitsidwa m'nthawi ya atsamunda yomweyo, m'mabwalo amene boma linakhazikitsa, pamene amuna akuluakulu ankauza azungu mwambo mmene iwo ankafunira kuti ukhale. Ungagwirizane naye kapena ayi, koma ona mmene anafikira pamenepo: anawerenga zolembedwa zakale za mabwalo ndi za ma DC, mafayilo afumbi amene loya wa mlandu wa mawa alibe nawo nthawi. Zolembedwa zamtunduwu zimasungidwa ku National Archives, mu Zomba momwemo, poyenda wapansi kuchokera ku koleji kwanu. Ophunzira malamulo ambiri amamaliza zaka zinayi osapondako. Iwe upiteko, ukakhaleko masiku angapo. Mmene udzamvere uli mmenemo zidzakuuza zambiri za ntchito imene ukuifunayi.

Ena amaganiza kuti ngati ku dipatimenti ya malamulo kwadzaza, angathawire ku ina. Ndinaphunzira malamulo oyendetsera dziko, ndiye ndingaphunzitse zandale. Ndinaphunzira milandu ya upandu, ndiye ndingaphunzitse za chikhalidwe cha anthu ndi umbanda. Kumeneko ndiye LLB imapepukiratu. Dipatimenti ya zandale ili ndi mabuku ake, mikangano yake ya akatswiri ndi njira zake zofufuzira, ndipo imafuna munthu amene anakulira mmenemo, woti angayang'anire wophunzira wa masitazi pa phunzirolo. Chimene angakupatse ndi kalasi imodzi, monga malamulo a zamalonda kwa ophunzira za bizinesi, ndipo nthawi zambiri amakulipira pa ola, popanda udindo wokhazikika.

Kunja zinthu n'zolimba kuposa kuno, chifukwa kumeneko kafukufuku ndi ndalama. Ku South Africa boma limapatsa yunivesite ndalama pa nkhani iliyonse imene mphunzitsi wake wasindikiza m'magazini a kafukufuku ovomerezeka. Ku Britain, pakapita zaka zingapo boma limayeza kafukufuku wa yunivesite zonse, monga linachitira mu 2014 ndi mu 2021, ndipo ndalama zimagawidwa potengera zotsatirazo. Mkulu wa sukulu ya malamulo kumeneko akamalemba munthu, akuwerengera kuti ameneyu atibweretsera nkhani zingati. Ungakhale unapambana milandu yambiri ku High Court, m'kaundula wake mulibe danga lolembamo zimenezo.

Za ku America ndikufuna ndikuchenjeze padera, chifukwa ana a kwathu ena, makamaka okulira kunja, amakopeka nazo. Kumeneko malamulo amawaphunzira zaka zitatu munthu atamaliza kale digiri ina, ndipo digiriyo amaitcha JD, Juris Doctor. Ndi yomweyi yoyamba ya uloya. Mpaka m'zaka za m'ma 1960 sukulu zambiri zinkaitcha LLB, ndipo Harvard inasintha dzinalo mu 1969. Umboni wakuti si mapeto a maphunziro ndi wakuti LLM imabwera pambuyo pake, ndipo udokotala wa kafukufuku pa malamulo, umene amautcha SJD kapena JSD, uli pamwamba pa zonsezo. Fizi ya JD pa sukulu zotchuka imapitirira madola 70,000 pa chaka, ambiri amalipira ndi ngongole. Kale munthu wa JD ya ku Yale kapena Harvard, wokhoza bwino, amene anagwirapo ntchito yothandizira jaji wamkulu, ankatha kulembedwa upulofesa popanda china. Masiku ano, m'sukulu za malamulo pafupifupi 200 za m'dzikolo, olembedwa kumene ambiri amakhala atadutsa kaye pa ntchito ya zaka ziwiri kapena zitatu yophunzitsa pang'ono uku akulemba, monga ya Bigelow ku Chicago kapena ya Climenko ku Harvard. Pulofesa Sarah Lawsky wakhala akuwerenga olembedwa chaka ndi chaka, ndipo ziwerengero zake zimaonetsa kuti gawo lalikulu, zaka zina pafupifupi theka, alinso ndi udokotala wa kafukufuku, kawirikawiri PhD pa phunziro lina monga zachuma, mbiri yakale kapena zandale, komanso kuti sukulu zochepa zomwezomwezo ndi zimene zimatulutsa ambiri mwa iwo. Yale yomwe inafika poyambitsa PhD ya malamulo, ophunzira oyamba analowa mu 2013. Ngati eni ake a JD aona kuti siikwana, iwe usakatenge ngongole ya moyo wonse poganiza kuti ndi njira yachidule ya ku upulofesa.

Ona njira imene anayenda a kwathu amene anafika patali pa ntchitoyi. A Peter Mutharika, kaya pa ndale umawaona bwanji, anatenga LLB ku London mu 1965, LLM ku Yale mu 1966 ndi JSD komweko mu 1969, n'kuphunzitsa ku Dar es Salaam ndi ku Addis Ababa asanakakhazikike ku Washington University mumzinda wa St. Louis kwa zaka zoposa 30. A Danwood Chirwa anachoka ku Chanco ndi LLB, anakatenga LLM ku Pretoria ndi udokotala ku University of the Western Cape, anasindikiza mabuku ndi nkhani zambiri, mpaka anafika pokhala mkulu wa sukulu ya malamulo ku University of Cape Town. Malemu mayi Ngeyi Kanyongolo, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Chanco asanakatsogolere Catholic University, anali ndi PhD ya ku Warwick. Onsewa anayambira pamene iwe uli, ndipo palibe mmodzi anaima pamenepo.

Sindikunena kuti zaka za ku khoti n'zopanda phindu kwa mphunzitsi. Pali maphunziro amene munthu wosaimapo pamaso pa majisitireti sangawaphunzitse bwino: kayendetsedwe ka milandu, kalembedwe ka zikalata za ku khoti, kafunsidwe ka mboni, ntchito ya kiliniki ya malamulo kumene ophunzira amathandiza anthu enieni. Ku MILE, kumene amakonzekeretsa anthu ntchito ya uloya, luso lotere ndi limene limafunika. Ndipo ine ndimakhulupirira kuti sukulu ya malamulo yodzaza ndi madokotala okhaokha, opanda wodziwa kumene fayilo imasowera ku ofesi ya khoti, imalakwira ophunzira ake. Pamenepa ndimaona kuti mayunivesite amapyola muyeso, amapeputsa luso limene ophunzira ambiri adzadyere. Koma kudandaula kwanga sikusintha chilengezo cha ntchito. Ngati ungathe, gwirako uloya chaka chimodzi kapena ziwiri, ulembetsedwe ku khoti, uone mmene lamulo limamvekera kwa mayi wamasiye amene abale a mwamuna amulanda nyumba. Mafunso abwino a kafukufuku amachokera kumeneko. Chimene uchenjere nacho ndi kuzolowera. Ndalama za uloya zikayamba kulowa, galimoto ya ngongole yagulidwa, ana a abale akudalira iwe pa fizi, kunyamuka kupita kukakhala mwana wasukulu zaka zitatu kapena zinayi kumalemera chaka ndi chaka.

Palinso msampha wa uphunzitsi wa maola. Ndawaona anthu anzeru akuthamanga kuchoka ku khoti masana kukaphunzitsa madzulo pa sukulu iyi, Loweruka pa sukulu ina, akudziuza kuti aika kale phazi m'kati, tsiku lina adzawalemba ntchito yokhazikika. Zaka zimapita, iwo atanyamula mulu wa mapepala ochonga, osalemba kalikonse kawokawo. Malo okhazikika akapezeka amalembedwa wachichepere amene wangobwera kumene ndi PhD ndi nkhani ziwiri zosindikizidwa, mwina woti anamuphunzitsa okha. Zimapweteka kuona. Kuphunzitsa kwa maola n'kwabwino ngati ukudziwa kuti n'kwa nthawi yochepa, ndipo pambali ukulemba kapena ukukonzekera sukulu.

Tsono poti udakali pa sukulu, zina zili m'manja mwako lero. Magiredi ako ndi amene adzatsegule kapena kutseka sikolashipu, ndiye usawatayire pa chaka chomalizachi poganiza kuti bola kumaliza. Kafukufuku wa chaka chomaliza, dissertation ija anzako ambiri amailemba mothamanga m'masabata otsiriza, kwa iwe ndi chinthu chachikulu koposa pa digiri yonseyi, chifukwa ndi malo okhawo pamene LLB imaonetsa ngati ungathe kufufuza. Sankha funso laling'ono loti ungalifike pansi. Ufulu wa anthu m'Malawi si mutu, ndi nyanja ya nkhani. Koma mmene lamulo la malo a makolo la 2016 likukhudzira amayi m'midzi ya chikamwini ya mfumu imodzi, kapena mmene majisitireti a boma limodzi akugamulira milandu ya ukwati chikhazikitsire lamulo la ukwati la 2015, amenewo ndi mafunso oti munthu mmodzi angawayankhe, ndipo dziko silinawayankhe mokwanira. Chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, chimene chinafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, anthu a kunja alembapo zambiri. Ndimalakalaka ana athu atamalemba zoposa iwo, poti nkhaniyo inachitikira pakhomo pathu.

Mphunzitsi amene akuyang'anira kafukufuku wakoyo umusunge bwino. Pita kwa iye utawerenga, mvera akakudzudzula, bweza ntchito pa nthawi yake. Ndi iye adzakulembere kalata ya umboni, ndipo a sikolashipu amasiyanitsa msanga kalata ya mphunzitsi amene akukudziwa ndi ya amene akungokumbukira nkhope. Ukamaliza umufunse ngati ntchitoyo ingakonzedwe kukhala nkhani yotumiza ku magazini a kafukufuku. Alipo amene amalandira nkhani za kuno: African Human Rights Law Journal ya ku Pretoria ndi Journal of African Law imene yakhala ikutuluka kuyambira 1957. Nkhani ikafika kumeneko amaipereka kwa akatswiri osakudziwa, iwenso osawadziwa, ndipo amaibweza itadzaza zodzudzula, mwina kuikana kumene. Pamatha miyezi, nthawi zina chaka. Usakhumudwe, ngakhale mapulofesa amakanidwa. Koma uthawe magazini a pa intaneti amene amakulembera okha, kukutamanda, n'kulonjeza kusindikiza m'sabata imodzi ukalipira madola. Sawerenga chilichonse, ndipo wolemba ntchito wodziwa akaona dzina lawo pa CV yako amayamba kukayikira ndi zabwino zomwe. N'chimodzimodzi ndi udokotala wogula, kapena waulemu wochokera ku sukulu zosadziwika. Pa msonkhano angakutchule Dokotala, koma ku yunivesite amafunsa kuti kafukufuku wake ali kuti, anamuyang'anira ndani, anamuyesa ndani.

Posankha LLM ufunse ngati ili ndi kafukufuku wautali kapena ndi makalasi ndi mayeso okha. Zonse zimalembedwa LLM, koma yokukonzekeretsa PhD ndi ya kafukufukuyo. Ya ku Centre for Human Rights ku Pretoria, imene inayamba mu 2000, yadutsitsa Amalawi angapo ndipo imatenga ophunzira a mu Africa monse. Sikolashipu zilipo, ngakhale n'zolimbirana: ya Commonwealth, ya Beit Trust imene ndi ya anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ya Chevening imene imafuna kuti ukhale utagwirapo ntchito zaka ziwiri ndi kulonjeza kubwerera kwanu. Ukafika pa PhD usasankhe mzinda, usankhe munthu. Peza pulofesa amene akulemba pa nkhani yako, werenga zimene analemba, umulembere kalata yaifupi yoonetsa kuti wawerengadi. Zaka zitatu kapena zinayi udzakhala m'manja mwake, ndipo woyang'anira wosakusamala pa yunivesite yotchuka angakuchedwetse kuposa wakhama pa yunivesite wamba.

Uwerengerenso mtengo wake moona mtima. Kuchoka pa LLB kufika pa PhD ndi zaka zosachepera zinayi kapena zisanu ukayenda mosapunthwa, ndipo ambiri zimawatengera kuposa apo. Pa zaka zimenezo anzako a kalasi imodzi adzakhala atamanga ku Area 47 kapena ku Namiwawa. Ukabwerako malipiro a mphunzitsi sadzafika pa a loya wa makampani, ndipo chiyeso chidzakhala chothera nthawi yonse pa maganyu olembera mabungwe malipoti, kafukufuku wako n'kufera m'kabati. Pabanja pathu pali amene akuyembekezera kuti ukangomaliza uyambe kusenza katundu wawo. Amenewo ndidzakhala nawo pansi ine, ndi udindo wanga, koma ndingawalankhule molimba mtima pokhapokha iwe utatsimikiza.

Ndipo kutsimikizako usakuyeze ndi kukoma kwa kuima kutsogolo kwa kalasi, kapena kwa dzina la pulofesa. Kuphunzitsa ndi gawo limene limaoneka. Gawo lalikulu ndi kukhala wekha ndi funso limodzi miyezi yambiri, kulemba tsamba n'kulifafaniza, kuwerenga anthu amene akukutsutsa mpaka kuwamvetsa. Pali anthu amene zimenezi zimawapatsa chimwemwe chenicheni, ndipo ukakhala mmodzi wa iwo udzazindikira pa dissertation yomweyi: udzapeza kuti ukupitiriza kuwerenga ngakhale zofunika pa magiredi zakwana. Ukapeza kuti zikukutopetsa, kuti mtima wako umadzuka pokhapokha pali munthu wamoyo woti umumenyere nkhondo, usadzikakamize chifukwa unanena kale pagulu. Ku Legal Aid Bureau maloya ndi ochepa, mafayilo ndi ambiri. Ku Maula, ku Chichiri ndi ku ndende ya Zomba kuli anthu amene akhala pa limandi zaka osaonana ndi jaji, ena pa milandu yoti akanaweruzidwa akanatuluka kale. Ku Legal Aid Bureau LLB yako sadzaifunsa kuti ili ndi inzake pamwamba, adzangokupatsa fayilo tsiku lomwelo.

Ndine malume ako.